Zitini Zinayi Zopanda Nambala

Amene anatsekera chakudya cha munthu wodwala m'chipinda cha katundu kwa milungu isanu ndi Chester Kaliwo, kalaliki wa kasitomu pa chipata cha m'malire. Dzina limveke bwino, pasapezeke wonena kuti mwina ndi Chester wina. Sanabe, sanapemphe ya fanta, sanatukwane munthu. Anangotsekula buku, n'kusowamo nambala, n'kukhoma chitseko. Olakwiridwa ndi Janeti Namakhwa, mayi wamasiye wa m'malaini a esiteti ya tiyi kufupi ndi Limbuli, pamodzi ndi mwana wake Dyna.

Dyna anali atatha. Mkazi amene ankabereka dengu lodzaza tiyi ngati wabereka thonje, tsopano sikelo ya kuchipatala inkaima pa makilogalamu 34. Nsima sinkatsika, phala linkabwerera. Namwino ananena mosapsatira kuti mankhwala amene Dyna anayamba kumwa amafuna thupi loti agwiremo, ndipo akapanda kunenepako mvula isanathe, ndiye kuti basi. Janeti anatumiza uthenga kwa mlongo wake Morris, wa ku Milange tsidya la Mozambiki. Morris anathamangathamanga mpaka anapeza zitini zinayi za ufa wosungunula m'madzi, woti munthu wolephera kudya azimwa kuti thupi libwerere.

Janeti anawoloka kukatenga. Koma pa chitini chilichonse panali pepala lomata, lolembedwa Chipwitikizi, lokhala ndi chithunzi cha munthu wowonda ali pabedi, namwino akumumwetsa. Ataona chithunzicho anaganiza za kumalaini. Kumalaini kulibe chinsinsi. Nyumba n'zogundana, dzala la zinyalala ndi limodzi, ndipo chitini chikatha sichitayidwa, chimapemphedwa kuti akasungiremo mchere. Chithunzi chimenecho chikanayenda khomo ndi khomo chikulengeza matenda a Dyna. Ndiye Janeti anakhala pakhonde pa Morris ndi beseni la madzi, kunyowetsa mapepala aja, kupala ndi mpeni, mpaka zitini zinangoti mbee. Mapepalawo anawaponya pamoto. Pamenepo analakwa, palibe akukana. Koma tamverani zotsatira zake.

Morris anaika zitini m'katoni, namanga ndi mphira mwamphamvu ngati katundu wa sitolo.

"Achemwali, dzerani kumtsinje komwe amadzera a chimanga. Madzi lero ndi a m'mawondo."

"Ine ndine wa Mvano, sindine wakuba. Ndidzera pachipata."

Chester atangoona katoni yomangidwa bwino, osafunsa n'komwe, anasolola fomu ya amalonda n'kuyamba kulemba dzina. Atamaliza ndiye anakweza maso.

"Muli chiyani umu, mayi?"

"Ufa wa mwana wanga. Akudwala."

Anatsekula chitini chimodzi, nanunkhiza, nachitembenuzatembenuza.

"Ndi mkaka?"

"Ayi bwana, mkaka ndimaudziwa."

"Ndi mankhwala?"

"Sapereka dokotala ayi, amagula m'sitolo."

"Ndiye ndi chakudya."

"Chakudya chake chobweza munthu."

Chester anakoka buku lalikulu ngati Baibulo la paguwa. Anati chilichonse cholowa m'dziko muno chili ndi nambala yake m'bukumo. Mkaka wa ufa uli ndi yake, mankhwala ali ndi yawo, zakudya zosakaniza zowonjezera mphamvu nazo zili ndi yake. Nambalayo ndi imene imanena msonkho, imanenanso ngati katundu akufunika chilolezo. Ndipo kuti adziwe nambala amawerenga pachitini: muli mkaka wochuluka bwanji, soya, shuga, mavitamini.

"Pepala la pachitini lili kuti?"

"Ndinatentha."

"Munatani?"

"Ndinatentha, bwana."

Chester anaponya cholembera patebulo. "Aa! Mwatentha dzina la katundu wanu, ndiye mukufuna ine ndilote?"

"Lawani. Supuni ndili nayo m'chikwamamu."

"Lilime langa si labotale, mayi. Titapa pang'ono titumize ku Blantyre akayeze. Kalata ikabwera tidziwa nambala."

"Masiku angati?"

"Ikabwera."

"Ndiye ndipatseni chimodzi chokha, zitatuzo zitsale. Mwana sanadye kuyambira Lachiwiri."

"Fomu yanena zinayi. Zinayi zikhala pamodzi."

Anatapa ufa n'kuthira mu envelopu, nanyamula katoni, nalowa nayo m'chipinda. Janeti anamva loko ikulira. Anatsala chilili, kapepala ka chidindo kamene Chester anamupatsa kali m'manja, anthu a njinga akumulambalala ngati chitsa. Munthu wadzera pakhomo mwaulemu, ndipo pakhomo pomwepo ndi pamene amulanda!

M'mawa mwake anabwerera kwa Morris kuti mwina apeze chitini china chokhala ndi pepala. Wa sitolo anati zinayi zija zinali zomaliza, zina zidzabwera lole ya ku Quelimane ikadzafika, ndipo msewu wake unali utaduka ndi mvula. Kuyambira pamenepo Janeti ankaponda pachipata Lolemba lililonse ndi Lachinayi lililonse. Yankho linali limodzi: "Kalata sinafike, mayi." Tsiku lina Chester anawonjezera kuti, "Mwayamba kundilota ndithu." Janeti sanaseke.

Amene ankatsala ndi wodwala anali Hawa, mayi wa khomo loyandikana. Mlungu wachitatu Hawa anapanikiza Janeti.

"Anzanga, maulendo a kuchipata osatha awa ndi a chiyani? Mwapezako mwamuna?"

Janeti anaulula zonse, za zitini, za chithunzi, za moto. Hawa anaika mbale pansi.

"Mumabisira ndani? Khoma ili mwaliyesa la chitsulo? Timamumva akutsokomola mpaka kwa akapitawo uko. Mwana wa akapitawo akumwa mankhwala omwewo. Mlamu wanga akumwa omwewo, timakumana pa mzere umodzi. Laini yonse inadziwa kalekale, timangokulemekezani."

Janeti anakhala pansi pomwe anaimapo. Anapala zitini zinayi ndi mpeni kubisa chinthu chimene ngakhale ana a sukulu ankachidziwa.

Mlungu wachinayi Dyna anamugoneka ku chipatala cha paboma. Sikelo inati 31. Maso okha ndiwo anatsala, ndipo akaona amayi ake akulowa ankayamba wayang'ana m'manja.

"Amayi, ufa uja?"

"Lachinayi, mwanawe."

Lachinayi la mlungu wachisanu Janeti anasiya Hawa pambali pa bedi, nakwera minibasi ya m'mawa. Pachipata anapeza pali mayi wina wamkulu, wa nyota zambiri paphewa, amene anabwera kudzayendera ntchito. Janeti sanadikire mzere. Anaika kapepala kake pamaso pa mayiyo. Mayiyo anawerenga, nakwinya nkhope, naitana Chester.

"Zitini zinayi? Za wodwala wawo, osati zogulitsa? Unawalemberanji pa fomu ya amalonda?"

"Katoni inali yomanga ngati ya sitolo, madamu. Ndipo fomu ikalembedwa..."

"Kakatundu ka m'manja ngati aka ukanangoitana wa zaumoyo, khomo lachiwiri pomwepa, aone. Chabwino, a ku Blantyre anati chiyani?"

Chester anayang'ana pansi. Mayiyo anakoka dirowa ya tebulo. Pansi pa mapepala ndi makoko a mtedza panali envelopu ija, yosamata n'komwe, ufa utayamba kuundana ndi chinyezi. Sinapite ku Blantyre. Sinatuluke ngakhale mu ofesimo.

"Pa envelopu pamafunika kulemba nambala yoganizira," anatero Chester, mawu ali pansi. "Ndinaopa kulemba yolakwika. Ndimadikira ndifunse."

Janeti anatembenukira kwa Chester.

"Mwana iwe. Maulendo khumi ndaima pawindo ili. Unkandiuza kuti kalata sinafike, dzanja lako lili pamwamba pa dirowa yomweyi?"

Mayi uja anadinda fomu, nalemba mizere iwiri, natuma kuti katoni ituluke. Ntchito yonse sinathe mphindi zoti madzi a tiyi n'kuwira.

Janeti anasenza katoni. Mu minibasi anakana kuti kondakitala ayiike kumbuyo, anaifungatira pamiyendo njira yonse. Anatsika pa siteji ya paboma, nathamanga wapansi kukwera kuchipatala, dzuwa lili paliwombo, akuwerenga mumtima masupuni atatu amene Morris anamuuza, madzi ofunda theka la kapu.

Sanafike m'wodi. Hawa anali panja pansi pa mtengo, atakhala pa simenti. Pambali pake panali mtolo wa chitenje, ndipo pamfundo pankaoneka beseni la Dyna, kapu yake ndi bulangete. Mayi aliyense amene anadikirirapo wodwala amadziwa tanthauzo la mtolo wotere. Hawa anaimirira, natambasula manja.

"Cha m'ma teni muja," anatero.

Janeti anaima chilili, katoni ili pamutu. Anaiwala kutula. Amayi ena odikirira odwala ndi amene anabwera kudzamutula, namugwira m'mapewa asanagwe.

Dyna anaikidwa Loweruka kuseri kwa malaini. Chester akadali pampando wake, chifukwa akuti palibe lamulo limene anaphwanya, anangochedwa kufunsa. Kumaliro anthu ankati chinali chifuniro cha Mulungu. Mulungu alibe dirowa. Tsono inu amene mukuwerenga izi, inu a masukulu amene mumalemba mabuku amenewa n'kukhazika ana anu pamawindo, musatembenuze tsamba ngati simunamve. Dyna Namakhwa anali ndi zaka 26. Anamupha ndani? Ndiyankheni.