Magazi a Ba Justina

Anthu a mu Kanyama anayamba kudabwa ndi jekete. Mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ba Justina ankakhala pakhomo atavala jekete la malemu amuna awo, akudandaula kuti kukuzizira. Mayi ameneyu analera ana ake ndi makina osokera, ndipo theka la ana a m'dera limenelo linapita kusukulu litavala mayunifolomu ochokera m'manja mwake. Koma tsopano nsalu inkagona pamakina osakhudzidwa. Mawu awo anasasa, nkhope inatupa, ndipo ukawafunsa kanthu yankho linkabwera iwe utaiwala kale funso.

Tsiku lina pochokera kumsika analowa pageti la eni ake n'kukhala pansi, poganiza kuti afika kwawo. Mayi wa panyumbapo anakuwa. Anthu anathamangira, ndipo mawu akuti mfiti anayamba kumveka cha kumbuyo kwa gululo. Mwamwayi wina anathamanga kukaitana mwana wawo wamkazi, Mwaiwathu, amene anafika thovu la sopo lili m'manja n'kuwatulutsa amayi ake pakati pa anthuwo.

Webster, mwana wawo woyamba, anabwera kuchokera ku Matero atamva nkhaniyo.

"Mutu wa bamai wasila," anauza mlongo wake, kutanthauza kuti nzeru zawo zatha ndipo anthu akhoza kuwapha. "Tibapeleke chabe kumunzi ku Petauke, bangatipaile bamai kuno."

Ba Justina anali pampando pomwepo. Anamva zonse. Yankho anali nalo, koma linkayenda pang'onopang'ono ngati munthu wowoloka matope, ndipo pamene linafika pakamwa ana aja anali atatuluka panja. Zimenezi zinawawawa kuposa kutchedwa mfiti.

Ku kiliniki kumene ankayezetsa kuthamanga kwa magazi kunali namwino dzina lake Inonge. Iye anawauza, Mwaiwathu ali pomwepo, kuti kwabwera madokotala ofufuza za kuiwala kwa okalamba.

"Mitsempha ya mu ubongo ikamawonongeka, imataya tizidutswa ting'onoting'ono m'magazi," anatero Inonge. "Afuna kuona ngati kuchuluka kwa tizidutswato kumagwirizana ndi mmene munthu akuganizira. Si mankhwala ayi, ambuya, ndi kufufuza. Mukafuna mulowa, mukakana palibe mlandu."

Webster atamva anakana kwamtuwagalu. Iye anali atamva nkhani zambiri za anthu otenga magazi a osauka n'kukachita nawo zausatana.

"Magazi ya bamai siyayenda kulikonse!" anakalipa.

Ba Justina anakweza dzanja. Ana onse awiri anatembenukira kwa iwo, chifukwa panali patapita nthawi amayi awo asanachite zimenezo. Anadikira, ndipo mawu anafika.

"Magazi ni yanga, Webster. Nizayenda."

Kuyezako kunawachititsa manyazi. Dokotala wachitsikana, ba Katongo, anawauza mawu angapo kuti awasunge m'mutu, koma atawafunsanso anakumbukira limodzi lokha. Anawapempha kuti ajambule wotchi, manambala onse anaunjikana mbali imodzi. Singano yotengera magazi sanaimve n'komwe. Pobwerera anagwetsa misozi njira yonse, akudziuza kuti mwana wawo ananena zoona.

Patapita milungu ingapo anawaitananso. Ba Katongo anakokera mpando pafupi n'kuyang'ana ba Justina m'maso, osati Mwaiwathu.

"Amayi, pa mafunso aja simunachite bwino. Koma m'magazi mwanu tizidutswa ta mitsempha si tambiri, n'tofanana ndi ta anzanu amene sakuiwala. Kuyeza kumeneku sikunena zonse, komabe ziwirizi sizikugwirizana, ndiye ndikufuna tifufuze kwina. Jeketeli mumavala tsiku lililonse?"

"Nimvela mphepo, mwana wanga."

Dokotala anafunsa za tulo, za m'mimba, za tsitsi limene linkathothoka. Kenako anawagwira pakhosi mofatsa n'kutumiza magazi ena kuti akayezedwe. Zotsatira zinaonetsa kuti chithokomiro chawo, kachiwalo ka pakhosi kamene kamathandiza thupi kukhala ndi mphamvu, chinali chitafooka kwambiri.

"Chimenechi chikafooka, thupi lonse limachita ulesi, ngakhale maganizo," anatero ba Katongo. "Mankhwala ake alipo, kapilisi kamodzi m'mawa uliwonse. Sindikulonjeza kuti zonse zibwerera, koma tiyeni tiyese."

Mwezi woyamba sipanaoneke kanthu. Kenako m'mawa wina Mwaiwathu anadzidzimuka kumva amayi ake akukangana ndi wogulitsa makala kuti thumba lake ladzaza fumbi. Jekete linabwerera m'sutikesi. Mvula isanathe makina anayamba kulira, poyamba kusoka zigamba, pambuyo pake diresi lathunthu la mdzukulu. Kuiwala pang'ono kunatsalako, makamaka mayina a anthu atsopano, koma njira ya kwawo sanaisocherenso.

Webster sanazione zimenezi, chifukwa ankangofunsa pafoni, ndipo zimene mlongo wake ankamuuza ankaziyesa zomutonthoza. Loweruka lina anafika ndi minibasi imene ankayendetsa, atatenga malume ake, ba Silas, kuti adzatsirize nkhani ya ku Petauke. Anakhala pabalaza n'kuyamba kukambirana za tsiku la ulendo.

Ba Justina anatuluka kuchipinda atavala chitenje chatsopano ndi duku lake. Anapereka moni kwa mchimwene wawo mwaulemu, anafunsa za alamu awo ndi ana mmodzimmodzi, kenako anatembenukira kwa Webster.

"Tsiku lija unakamba kuti mutu wanga wasila, ninali pano pamene. Ninamvela vonse, koma kamwa yanali yolema. Lelo niyankhe. Nyumba ino ninamanga na batate bako. Ku Petauke nizayenda kukaona abale, na kubwela nizabwela. Wamvela?"

Ba Silas anaseka mpaka kutsokomola.

"Iwe mphwanga, wodwala uja wandiitanira ali kuti?"

Webster anayang'anitsitsa amayi ake. Kenako anatsika pampando, anagwada, n'kuika mutu pamawondo awo, bambo wa ana atatu akulira ngati kamwana.

"Bamai, nenze na mantha chabe. Benze bafuna kumiponya myala."

"Niziba. Nyamuka, nili na nchito yako."

Ntchitoyo inali yonyamula okalamba kupita nawo ku kiliniki. Ba Justina ankadziwa okalamba ena mu Kanyama amene abale awo ankawatsekera m'nyumba poopa manyazi ndi miyala. Anayenda khomo ndi khomo kuwauza za kuyezetsa magazi, mpaka pageti lija anawakuwizira, chifukwa nakonso kunali gogo wosatuluka. Sananamize munthu. Ankanena poyera kuti ena akapezeka ndi matenda opanda mankhwala, monga zinachitikira ba Chabwera a kutchalitchi kwawo, amene magazi awo anaonetsa kuti mitsempha yawonongekadi.

"Koma ngakhale iwo," ankatero, "manje bana bao baziba kuti ni matenda, si ufiti. Babasamalira bwino."

Lachiwiri lotsatira minibasi ya Webster inaima pamsewu wa fumbi pafupi ndi mpope wa madzi. Okalamba anakwera mmodzimmodzi, ena atagwiridwa mkono, ena akunyinyirika kuti singano amaiopa. Ba Justina anakhala kutsogolo. Minibasi itangonyamuka anatulutsa mutu pawindo n'kuyamba kuitanira ngati kondakitala, ndi mawu amene anamveka mpaka kumsika:

"Kiliniki! Kiliniki! Malo yakali, bakulu-bakulu!"

Amayi ogulitsa tomato m'mbali mwa msewu anaimirira n'kuyamba kululutira, ndipo m'galimoto monse munadzaza phwete.