Mkaka wa Delia

Delia atasiya kusamba sanauze munthu wina kupatula mwamuna wake Benwell. Panali patapita zaka chimwalirireni Ronnie, mwana wawo yekhayo, amene malungo anamutenga asanayambe sukulu, koma anthu a ku Nsefu ankamutchabe amake Ronnie. Benwell, wokonza njinga m'mbali mwa msewu, anayamba kubwera ndi nsomba madzulo n'kumuletsa kusenza madzi.

Mimba sinakule. Ku kiliniki nesi anamuyeza kawiri n'kunena kuti mulibe kanthu.

Mkaka unabwera nthawi yokolola thonje. Delia atawerama anamva kunyowa pachifuwa, nayesa thukuta. Atapisa dzanja m'bulauzi, zala zinatuluka zoyera, ndipo fungo lake analizindikira pomwepo. Agness, mlongo wake wa Benwell, anali pamzere woyandikana naye ndipo anaona zonse.

"Mlamu, mkaka subwera wokha," anatero Agness motsitsa mawu. "Alipo amene akuyamwa."

"Ndani? M'nyumba mwanga mumadziwamo."

Agness anabereka khanda lake n'kukayamba mzere wakutali.

Kenako mutu unayamba kumupweteka Delia kuseri kwa maso, ndipo anthu anayamba kumutulukira modzidzimutsa. Akuyenda yekha m'njira, ankangoona munthu ali kale patsogolo pake akuti mwaswera bwanji, osadziwa kumene wachokera. Anagunda mphuthu za chitseko chake chomwe. Nkhuku zinkamudutsa m'miyendo osaziona. Ndipo nthawi zina, kumanzere kwake, ankamva timapazi tikuyenda naye m'fumbi. Akaima, tinkaima. Akacheuka, panalibe munthu, koma bulauzi inkakhala itanyowa.

Sanachite mantha monga anthu ankaganizira. Anayamba kuyenda pang'onopang'ono kuti timapazito tisatope.

Tsiku lina la mu Okutobala, dzuwa lili paliwombo, Delia anadzera njira ya m'mitengo ya tsanya kupita kudimba. Benwell anatsalira m'mbuyo akupopa tayala. Nyenje zinkalira mpaka makutu kuwawa, kenako zonse zinangoti zii. Delia anamva kupuma kumanzere kwake, pafupi kwambiri, kotentha. Mkaka unatsika mpaka pamchombo.

"Ronnie," anatero osacheuka. "Watopa?"

Kupuma kuja kunabweranso, kwakutali kuposa kwa mwana. Anatembenuza mutu pang'onopang'ono. Choyamba anaona khungu lotuwa, long'aluka ngati matope ouma, kenako diso laling'ono lansidze zazitali. Njovu yaikazi inali itaima m'mphepete mwenimweni mwa njira, kamwana kake kali pansi pa mimba. Chitamba chinadzuka, chinayandikira pachifuwa pa Delia n'kununkhiza nthawi yaitali. Iye anaona ntchentche zikuyenda pachitambapo. Kenako njovuyo inakankha mwana wake ndi mwendo, n'kulowa m'tchire popanda kuthyola ngakhale kanthambi.

Benwell anamupeza ataimabe pomwepo. Iye anali ataona zonse ali patali, njinga ataigwetsa pansi.

"Amake Ronnie, mwayenda nayo limodzi kuchokera pachulu paja. Simunaione?"

"Sindinaione."

"Njovu yathunthu?"

M'mawa mwake onse awiri anakwera basi ya ku Chipata. Kuchipatala chachikulu dokotala, mayi wa imvi zochepa, anamuuza kuti amuyang'ane pamphuno, kenako anatambasula manja uku ndi uku.

"Ndikugwedeza zala zingati?"

"Manja anuwo sindikuwaona, adokotala."

Benwell anayang'ana pansi. Manjawo anali poonekeratu.

Anamutenga magazi, n'kumutumiza ku Lusaka kukajambulitsa mutu. Atabwerako ndi chithunzi, dokotala uja anawalozera kadontho kotuwa pakati penipeni, pansi pa ubongo.

"Apa aliyense ali ndi kachiwalo kakang'ono ngati nyemba, timakatcha pituitale. Kamatulutsa mahomoni, timadzi toyenda m'magazi touza thupi zochita. Kanu kali ndi chotupa, si khansa ayi. Kakutulutsa homoni ya mkaka yochuluka, ndiye thupi lanu likuyesa kuti muli ndi khanda. N'chifukwa chake munasiya kusamba. Chotupacho chikupanikizanso mitsempha ya maso, ndiye mukuona zakutsogolo zokha, zam'mbali ayi."

"Ndiye palibe akuyamwa?" anafunsa Benwell.

"Palibe, bambo. Pali mapilitsi ochiphwetsa. Akamwa mosadumphitsa, maso angabwerere, ndipo mwina n'kudzaimanso."

Benwell anapumira m'mwamba n'kuseka pang'ono. Delia ankangoyang'ana kadontho kaja.

"Nanga makutu?" anafunsa Delia, akuganizira timapazi tija. "Chimakhudzanso makutu?"

"Ayi. Pali chimene simukumva?"

"Ndikumva bwinobwino."

Dokotala anadikira kuti apitirize, koma Delia anapinda chitenje chake n'kuimirira.

Mapilitsi ankamuchititsa nseru ndi chizungulire masabata oyamba. Mvula itayamba, mkaka unauma. Pang'ono ndi pang'ono dziko linatambasuka: anayamba kuona mbuzi zikubwera cham'mbali, ana a sukulu akudutsa kuseri kwa nkhokwe, Benwell akumuyang'ana mobisa pamene akudya. Anthu analeka kunong'ona, ngakhale amayi ena ankabisabe makanda awo iye akafika pachitsime.

Chimanga chili m'mawondo, Delia anasambanso. Anachapa nsalu zake kuseri kwa bafa, nakhala pamwala nthawi yaitali. Benwell atabwera kudzamufuna, anamuuza nkhaniyo mwachidule.

"Ndiye mwachira," anatero Benwell.

"Atero adokotala."

Anadzuka, natenga khasu lake. Ananyamuka kupita kumunda, ndipo Benwell, atamuyang'ana kanthawi, anasiya njinga za anthu zili chagada n'kumutsatira.