Maso a Torleiv

Torleiv Haukanes anayamba kulowa nafe m'thanki ku Bergen mu Januwale. Amuna tonse asanu tinali ndi vuto limodzi: khansa ya pulositeti anaiwotcha ndi makina n'kutha, koma patapita zaka chikhodzodzo chinayamba kutulutsa magazi. Mankhwala ake ndi kukhala maola awiri m'thankimo, chipinda chachitsulo chopanikiza mpweya, Lolemba mpaka Lachisanu, ukupuma okosijeni m'chigoba cha kumaso kuti timitsempha tatsopano timere.

"Lero ndi vinyo kapena tiyi, akulu?" ndinkawafunsa Torleiv m'mawa, kunena mtundu wa mkodzo.

"Vinyo wothira madzi. Nanga inu, mudakali pa jamu?"

Pakati pa Febuluwale anayankha kuti tiyi. Sabata yomweyo ndinawaona akuwerenga timalemba ta pa paipi ya chigoba, magalasi ali m'thumba.

Tonse tinauzidwa kuti okosijeni amasintha maso kwa kanthawi. Zapafupi zimaoneka bwino, zakutali zimachita mbuu, ndipo zikatero galimoto umaisiya, mwina kwa miyezi. Namwino Borghild atawafunsa Lachitatu, anati maso ali bwinobwino.

Titatuluka ndinawapeza akulimbana ndi chitseko cha galimoto ya eni ake.

"Yanu ndi iyo apo, achimwene."

"Zonse n'zotuwa izi."

"Mupha munthu inu."

Anayang'ana makiyi m'manja mwawo. Kenako anandiuza za Gunvor, mkazi wawo, amene amakhala kunyumba yosamalira okalamba kuseri kwa phiri. Mayina onse anaiwala, ndipo chakudya chamadzulo salandira kwa wina aliyense koma mwamuna wake. Basi yamasana yopita kumeneko anaichotsa.

"Thankiyi ndiisiya kuti maso abwerere mwakale. Magazi aleka kale."

"Aleka chifukwa cha thankiyo. Mukasiyira panjira magazi n'kuyambiranso, akugonekani m'chipatala. Ndiye adzamudyetsa ndani?"

Mkazi wanga Tordis, amene ankandinyamula tsiku lililonse, anali atatsitsa galasi, akumva zonse.

"Madala awiri inu, kwerani. Kukuzizira."

"Ndi kutali, mayi. Ndiponso si lero lokha."

"Ndiye mukutichedwetseranji?"

Tinawadikira panja pa nyumba ya okalambayo, injini ikulira, chipale chofewa chikugwera pa galasi. Pobwerera anangonena kuti Gunvor wamaliza mbatatesi, nsomba wasiya.

Lachinayi, Borghild asanatseke chitseko cha thanki, Torleiv anakweza dzanja.

"Mwana wanga, dzulo ndinakunamiza. Wotchi ili pakhomayo sindikuiona."