Magalasi Ofuna Maso Awiri

Nyanja itakwera chaka chija, nyumba ya a Jailosi ku Nkope inasungunuka ngati mchere. Anaimanga ndi manja awo, pakuti anali mmisiri wa njerwa mpaka tsiku lomwe kachidutswa ka mwala kanawathudzula diso lakumanzere. Akazi awo, a Matilda, sanaone kugwa kwa nyumbayo. Anali atatsogola kale kumanda.

Ndiye kunamveka mbiri yoti Nasir, mwana wa m'mudzi momwemo amene anakaphunzira zojambula ku Joni, akuonetsa ku Mangochi kanema wa nyumba zonse zimene madzi anadya. Anazijambula madzi asanafike, ndi makamera awiri ophatikizana. Anthu ankati ukavala magalasi ake umalowa m'nyumbamo ndithu, osati zamasewera. A Jailosi anakwera matola. Ankafuna chimodzi basi: kuimanso pakhonde pawo, pafupi ndi a Matilda, amene Nasir anawajambula akupeta mpunga.

Mu holo anakhala pambali pa a Ajira, omwe anali oyandikana nawo nyumba. Kanema atayamba, haa, chipwirikiti! Azibambo akuluakulu ankawerama kuopa kugunda mphuthu ya chitseko. A Ajira, itafika nyumba ya amalume awo, anavula patapata n'kuodira, "Hodi kuno!" Anthu kuseka, misozi ili chuchuchu.

Koma a Jailosi ankangoona chithunzi chaphwatalala ngati kalendala pakhoma. Anapukuta magalasi ndi malaya. Chimodzimodzi.

"Iwe Nasir," anaitana, "ine wandipatsa akufa. Ndisinthire."

Nasir anabweretsa ena. Chimodzimodzinso. Kenako anawayang'anitsitsa kumaso.

"Pepani, bambo. Magalasiwa amafuna maso onse awiri. Diso lililonse limalandira chithunzi chake, mutu n'kuziphatikiza. Ndi limodzi sizitheka."

"Nanga bwanji sunanene ndili kwathu?"



Nthawi yomweyo khonde la a Jailosi linatulukira, mizati iwiri ija anaimanga ndi njerwa zootcha okha. A Matilda anatuluka m'nyumba, lichero lili m'manja. A Ajira anatambasula dzanja m'malere.

"Mayi ine! Che Jailosi, si awa ali pamphuno panga! Chitenje chawo ndingathe kuchigwira!"

Mtima unawapweteka a Jailosi, ndipo nsanje inawagwira. Holo yonse inali pakhonde pawo, alendo ndi ana omwe, eni nyumba atatsala kunja.

"Mayi," anatero kwa a Ajira, "poti inu mwafika, auzeni kuti ndinabwera."

A Ajira sanamve. Ankalira, akupapasa mphepo.

A Jailosi anavula magalasiwo, poganiza kuti mwina diso lawo lokha lichitako bwino. Pansalu yoonetserapo kanemayo zonse zinasokonekera. Mizati inakhala inayi, ndipo a Matilda anaoneka awiri, onse mbuu ngati utsi, onse akupeta mpunga, popanda ndi mmodzi yemwe wowayandikira.