Pampu ya Endale ndi Chowinda cha Amayi

Mchimwene wanga Endale atabwerako ku India, mtsempha wa padzanja lake sunkagundanso. Madokotala anali atamusokerera kapampu kumtima, kamene kamakankha magazi mosalekeza kuti mtimawo upumule. Chingwe chinkatulukira pamimba n'kulowa m'kachikwama ka mabatire awiri. Ukaika khutu pachifuwa pake unkamva kulira ngati kwa firiji.

Patatha miyezi isanu ndi itatu, dokotala wa mu Addis Ababa anamuunika n'kunena kuti mtima, womwe unali utatupa ngati thumba, wayamba kubwerera m'malo mwake ndipo ukufinya magazi ndi mphamvu ndithu.

"Wachira!" anatero amayi, a Tiruwork, titangofika kunyumba.

"Sanatero, amayi," ndinayankha. "Anati wayamba kuchira. Pampu ingachotsedwe pakatha chaka kapena ziwiri, mwinanso osachotsedwa n'komwe."

"Iwe Mahlet, sukulu inakupatsa pakamwa pokha."

Ali mkati mokazinga khofi, anatiuza zimene anatibisira. Tsiku la opaleshoni anakwera kutchalitchi cha kuphiri, kwawo, n'kuwinda kwa mngelo Gabirieli kuti mtima wa mwana wawo ukadzachira, adzabweretsa makinawo n'kuwasiya pakhoma pomwe ochira amasiya ndodo zawo. Tsopano chikondwerero cha mngeloyo chinali Lachisanu.

"Tikasiyeko batire limodzi lakale," anatero Endale.

"Wopunduka amasiyako theka la ndodo?"

"Nanga chithunzi cha pampuyo?"

"Ndikanamize mngelo ndi pepala? Mkazi wako ali ndi pakati, Endale. Chowinda chikaphwanyidwa, mngelo safunsa kuti wolakwa ndani. Amangotenga wamng'ono."

Mlamu wanga Wubit anagwira mimba yake. Miyezi yonseyi ndiye ankatsuka bala la chingwe m'mawa uliwonse ndi kuthamangira kujenereta magetsi akazima. Anangoyang'ana pansi.

Ine nkhaniyi inandikomera ngati funso la mayeso. Pampu iyenera kukhala kutchalitchi. Pampu singachoke mwa Endale. Ndinaseka.

"Ndiye n'zosavuta. Kamusiyeni iyeyo pakhomapo, pampu ili momwemo."

Palibe anaseka. Amayi anasiya kutakasa khofi n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Mwamuona? Nzeru ali nazo akafuna."

"Ndimaseka, amayi!"

"Seka ndithu. Wubit, mulongedzere mwamuna wako."

"Wubit, lankhula," anatero Endale. "Uwauze."

"Ndi mwana wakonso," anayankha Wubit, maso ali kukhoma. "Ndiponso mpweya wa kuphiri ndi wabwino."

"Mpweya umatchaja batire?"

"Usandikalipire. Dokotala anati usamapse mtima."

Lachisanu tinayenda maola anayi pagalimoto. Pokwera phiri Endale anapumira kasanu ndi kawiri, ine nditanyamula tchaja, cholemera ngati mwala wopera. Panjira ndinayesa njira zina: timubweretse tsiku limodzi pamwezi, kapena tifunse wansembe amasule chowindacho. Amayi anati wowinda ndi iwo, ndipo sanawinde kubwereketsa.

Wansembe wa patchalitchipo, Abba Fikre, anali nkhalamba yaulemu. Anamvetsera zonse akusisita ndevu.

"Chowinda chobwera ndi mwini wake sindinachionepo," anatero. "Koma chafika. Sindingachibweze."

"Abba, akhoza kufa," ndinatero.

"Tonsefe tikhoza, mwana wanga."

Anatilondolera kukachipinda koyang'anizana ndi khoma la ndodo. Munali mphasa, mtsuko ndi soketi imodzi yakuda ndi utsi. Amwendamnjira anayamba kudzazana pakhomo. Mayi wina anagwira dzanja la Endale, nafunafuna mtsempha, kenako anakuwa kuti munthuyu alibe mtima koma akuyenda. Anthu anayamba kukankhana kuti akhudze chikwama.

"Osakoka chingwe!" Endale ankafuula. "Chonde, osakoka!"

Amayi ankalira ndi chimwemwe. Wubit anapereka nsalu zomangira bala kwa sisitere wina wokalamba, n'kumuonetsa katsukidwe kake kamodzi kokha, mofulumira.

Ndinalowetsa tchaja m'soketi. Sichinayake.

"Magetsi amabwera, Abba?"

"Amabwera ndithu. Masiku ambiri."

"Mabatire awiriwa amathera limodzi pa maola khumi ndi anayi. Ali ndi ena awiri apadera."

"Ndiye ali ndi ambiri," anatero wansembeyo.

Endale anandigwira mkono. Dzanja lake linali lozizira.

"Iwe ndiwe unayambitsa. Peza yankho lina."

"Ndikuganiza, achimwene."

"Ganiza msanga."

Kumunsi dalaivala anaimba hutala. Ndinalonjeza kubwera ndi jenereta Lamlungu, ndikudziwa kuti kufika Lamlungu ndi maola oposa makumi anayi, ndipo Endale nayenso ankadziwa kuwerengera maola.

M'galimoto amayi anatsegula mtanga wa injera, buledi wathu wopyapyala, n'kutigawira. Wubit anadya yake yonse, n'kupemphanso ina.