Mapulogalamu awiri a Fagness

Fagness anakhala pa benchi ya pa siteji ya minibasi ku Golomoti, mapepala awiri ali m'manja. Minibasi zitatu zinadutsa, makondakitala akumuitana, koma iye sanatukule mutu. Sanalire. Mtima wake unangochita dzanzi ngati mkono wougonera. Dzulo lake mayi ake, a Sabina, anali ataimitsidwa mu kwaya ya amayi ya kutchalitchi kwawo, kwaya imene anaimbamo zaka makumi awiri ndi zitatu.

Nkhaniyi inayamba pamene Fagness anasankhidwa kukhala mlembi wa komiti yokonza chikondwerero cha nyimbo ndi magule pa bwalo la mpira. Ntchito yake inali yofunafuna magulu odzaimba ndi kuvina. Anapalasa njinga kuchokera ku Mua mpaka ku Mtakataka, ndipo anapeza mabandi awiri a achinyamata, gulu lovina ngoma, amayi a chimtali ndi gule wamkulu. Chinatsala ndi kwaya, ndipo kwaya yokoma kuposa zonse inali imene ankatsogolera mayi ake. Vuto linali limodzi: mpingo wawo sunkalola mamembala kupezeka pa bwalo pamene pakuvinidwa gule wamkulu.

"Zazing'ono izo," anatero Alick, wapampando wa komiti. "Lemba mapulogalamu awiri. Pa ya amayiwo uchotsepo gule. Akafika atatchena kale mayunifomu, abwerera? Aimba basi."

A Gabrieli, mphunzitsi wopuma pa ntchito amene ankalangiza komitiyo, anapukusa mutu. "Ana inu, munthu ukamuitanira kumwambo umamuuza amene akakhale naye mphasa imodzi. Akavomera, avomere akudziwa. Bwanji kwaya iimbe Lachisanu, gule avine Loweruka?"

"Zokuzira mawu atibwereka tsiku limodzi, aphunzitsi," Alick anayankha. "Kuno si kukalasi kumene munkatisiya titagwada inu mukukamwa tiyi."

Onse anaseka, ndipo Fagness anaseka nawo. Mawa lake anataipitsa mapulogalamu awiri.

A Sabina maso awo anali ofooka, choncho pepala lililonse, kaya kalata kaya lakuchipatala, ankawawerengera ndi Fagness. Atawawerengera pulogalamuyo, anafunsa, "Mwanawe, gule kulibe kumeneko?"

"Kulibe, amayi. Mwamva nokha mndandanda wonse."

A Sabina anatenga pepalalo n'kukawaonetsa akulu a mpingo, ndipo anawaloleza. Amayiwo anaphunzira nyimbo milungu isanu ndi umodzi, akaweruka kumunda.

Tsiku la chikondwerero kwaya inali pakati pa nyimbo yachiwiri pamene ng'oma zinalira kuseri kwa golo. Fumbi linakwera, ana anabalalika, gule analowa m'bwalo. Amayiwo anasiya kuimba mmodzimmodzi, mpaka anatsala a Sabina okha, amene sankaona bwino chimene chinkabwera. Munthu wina anajambula chithunzi pa foni. Dzuwa lisanalowe, chinali chitafika kwa akulu a mpingo.

A Kadzuwa, mkulu wa gule, nawonso anakwiya, namulondola Fagness. "Mayi, mukanatiuza tikanadikira patali mpaka atamaliza. Ife sitilimbana ndi anthu apemphero. Mwatichititsa manyazi tonse." Alick anali atazimitsa foni.

Akulu a mpingo anaganiza kuti a Sabina anadziwa zonse koma anawanamiza. Atafunsidwa, a Sabina anangoti, "Ndalakwa ndine." Dzina la mwana wawo sanalitchule. Akuluwo anawaimitsa chaka chathunthu. Atafika kunyumba, a Sabina anapinda yunifomu yawo yoyera, anaiika pansi penipeni pa sutukesi, n'kupita kukathirira dimba.

Pa benchi paja ndi pamene a Gabrieli anamupeza. Anatsamiritsa njinga yawo, nakhala pambali pake.

"Ulendo wa kuti?"

"Kaya, aphunzitsi."

"Amayi akukalipira?"

"Akanandikalipira bwenzi zili bwino. Angondifunsa ngati ndadya."

A Gabrieli anayang'ana mapepala aja. "Awiriwa wawaona ndi iwe, Alick ndi wotaipa. Amene ayenera kuwaona sanawaone. Sindikuuza kuti zitheratu, ayi. Koma katundu amene asenza amayi ako ndi wako."

Fagness anaimirira. Anayenda wapansi mpaka kutchalitchi, nayala mapepala onse awiri pa tebulo pamaso pa akulu a mpingo. Anafotokoza zonse ndi mawu osanjenjemera, ngati akuwerenga chilengezo. Patatha milungu itatu a Sabina anabwezeretsedwa mu kwaya. Fagness anatula pansi ulembi, ndipo komiti inagwirizana kuti chaka chotsatira gulu lililonse lizilandira mndandanda umodzi, wathunthu, lisanavomere kubwera.

Lamlungu limenelo a Sabina anaimba ngati kale. Lolemba anabwera kuchokera kuchipatala ndi pepala la mankhwala a maso. Fagness anatambasula dzanja monga mwa masiku onse.

"Bweretsani ndikuwerengereni, amayi."

"Usavutike, mwanawe, wotopa iwe," anatero a Sabina mofatsa. Anapinda pepalalo, analimanga pa nsonga ya chitenje, n'kuwoloka msewu kupita kwa a Florence, oyandikana nawo nyumba.

Fagness anatsala pakhomo, dzanja lili chitambasulire.

Phunziro: Poitana anthu kuti adzaimbe kapena kuvina, auzeni zoona zonse, makamaka amene adzakhale nawo bwalo limodzi. Munthu ali ndi ufulu wokana akudziwa. Bodza likhoza kudzaza bwalo tsiku limodzi, koma amene anakukhulupirira sadzamvanso mawu ako monga kale.