Chilungulira cha a Dyson

Chaka cha njala chija, nkhokwe za ku Kaduya zitangotsala kukamwa yasa, Alesi ankadyetsa banja lake mbatata. M'mawa mbatata, madzulo mbatata, tsiku lamwayi pankakhala nandolo pambali. Ndiye mwamuna wake, a Dyson, anayamba kudandaula kuti pachifuwa pakuwotcha, ndipo akati agone madzi owawasa akubwerera kukhosi.

"N'chilungulira chimenecho, bambo a Madalo," anatero Alesi. "Nyambitani phulusa pang'ono."

Phulusa sananyambite. Anapalasa njinga ulendo wa kwawo, kuphiri, kukauza mlongo wawo Violet, mayi wa pakamwa ngati lumo, amene sanamukondepo Alesi chikwatiwireni. Violet sanachedwe kuyapeza matendawo: mlamu wake akuthira mankhwala m'chakudya kuti mwamuna afe, iye atsale ndi njinga ndi malata.

Alesi anazimvera kumjigo. Anaseka, poti munthu amene wabereka naye ana atatu sangamvere zopusa zotero. Koma tsiku lina, akuchokera kuseri kwa nyumba, anawapeza a Dyson akubenthula mbatata yawo n'kuponyera galu. Kenako anapinda manja, maso ali pa galuyo, kudikira kuti aone ngati agwe. Mbatata imene Alesiyo anakaipeza ndi ganyu wopalira mpunga kuchigwa, miyendo ili m'matope! Ana akunyambita zala, galu n'kumayamba ndiye kudya! Mtima unamuwawa. Anaitanitsa ankhoswe.

Kuchimuna kunabwera a Kaliati, malume awo a Dyson, ndipo Violet anadziphatika pambuyo ngati chisoso. Anafika dzuwa lili paliwombo, milomo itauma. Mlendo sayamba ndi mlandu, choncho Alesi anawaikira mbale ya mbatata. Anaigwira ntchito onse, Violet yemwe, mpaka makoko.

Atakhala pansi pa mtengo wa mango pamodzi ndi nkhoswe ya kuchikazi, Violet anayamba kulakatula. "Mchimwene wanga anabwera pano ali bwinobwino. Lero akupsa m'kati. Alamuwa anene chimene akumudyetsa!"

Violet ali pakati polankhula, a Kaliati anageya, n'kuyamba kusisita pachifuwa. Anayesa kumeza malovu, osathandiza. "Apongozi," ananong'ona, "kasoda kalipo m'nyumbamo?"

Alesi anaimirira, n'kumanga chitenje.

"Soda wachiyani, malume? Itanani sing'anga, ndakuthirani mankhwala inunso! Alamu, inu mwanyambita mbale ya mfiti, simukuopa kufa? Pitani kusikelo mukamve amayi apakati, onse akulira pachifuwa pomwepa. A Yunusu a golosale sanalawepo za mumphika mwanga, koma akamasula kusala kwa Ramazani amagona chokhala. Abusa athu amayenda ndi soda m'thumba la jekete. Aphunzitsi odya za mafuta ali nacho chilungulira, ife odya mbatata tili nacho. Onsewo ndawadyetsa ine? Ineyo chimandiwotcha tsiku ndi tsiku, ndinauzapo ndani? Ndimanyambita phulusa n'kunyamula khasu!"

Violet anayang'ana kumbali. A Kaliati, manyazi atawagwira, anawomba m'manja. "Zamveka, apongozi. Takulakwirani. Madzi akatayika sawoleka, khululukiranani basi, banja lipitirire."

Alesi akanakhululuka. Violet sanali kanthu kwa iye, galu wakuda kapena woyera onse amauwa. Amene ankafuna kumumva ndi munthu amene anakhala duu nthawi yonseyi, akujambula pansi ndi kamtengo.

"Nanga inu, bambo a Madalo, mukuti bwanji?"

A Dyson anakanda m'mutu. "Ine sindinanene kuti unathira. Ndimangofuna kutsimikiza."

Kutsimikiza! Alesi analowa m'nyumba. Anatuluka akukankha njinga, zovala za a Dyson atazimanga pakaliyala ndi luzi, n'kuitsamiritsa pamtengo wa mango.

"Pano ndi pa amayi anga, inu munachita kubwera. Njinga yanu iyo. Malata mudzasasule tsiku limene mwakonda, ine ndi ana tidzafolera udzu. Mukadye kwa alongo anu kopanda chilungulira."

A Dyson anaimirira mwaulesi, n'kuimbira galu likhweru.

"Ameneyo musiyeni," anatero Alesi. "Pakhomo pano ndi yekhayo wamwamuna amene amadya za m'manja mwanga osadikira kuti wina ayambe walawa."